Mlandu wa Galu pa Phiri la Zomba

Mwa mizinda yonse ya dziko lino palibe umene unazolowera kulandira alendo koposa Zomba. Pakuti kuyambira m'chaka cha 1859, pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika kunyanja ya Chilwa nakweza maso awo kuona phiri lalikulu litatsekereza kumadzulo, kufikira makono ano pamene aphunzitsi, madokotala, omanga misewu ndi antchito a mabungwe achifundo akudza kuchokera kumalekezero a dziko lapansi, sunapite mbadwo ndi umodzi womwe wopanda mlendo wogona patsinde pa phirilo. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komatu mame a ku Zomba anachedwa ndithu, pakuti anamanga nyumba za njerwa, anabzala mitengo yakwawo, nadza ndi malamulo awo, mapemphero awo, zakudya zawo, ndiponso agalu awo. Ndipo popeza munthu sasiya m'kamwa mwake pakhomo pa amake pamene anyamuka ulendo, mudzi wotere sulephera kukhala bwalo la milandu ya chakudya. Mlandu umodzi wotere, wa nyama ya galu, ndinaupeza ukuzengedwa pamwamba pa phirilo, ndipo ndiwo ndifuna kukusimbirani, pamodzi ndi njira imene inandifikitsa kumeneko.

Ndinanyamuka ku Lilongwe m'mwezi wa Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, lupsa litadetsa minda, mwera ukuulutsa phulusa m'mlengalenga kotero kuti mapiri a Dedza anaoneka mwa chizimezime. Imeneyi ndiyo nyengo ya mbewa. Titapitirira Lizulu ndi Ntcheu, basi itaima pafupi ndi mphambano ya ku Balaka, anatithamangira anyamata atakweza mipani m'mwamba. Ndipo pa mpani uliwonse panali mbewa zondandalika mwaudongo, zopanidwa pakati pa timitengo tiwiri ta nsungwi, zophikidwa m'madzi a mchere ndi kuwambidwa pamoto, ubweya, mitu ndi michira zili pomwepo, timiyendo titapindikira pachifuwa, timano tachikasu tili poyera. Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga anazitembenuzatembenuza, nazinunkhiza, nafunsa ngati sizinali za dzana, napatula mpani wa akapuku onona, ndipo atanenerera mtengo pang'ono, anaukulunga m'nyuzipepala nati, "Abambo akunyumba lero adya nsima yambiri."

Pambali panga panakhala dona wachingerezi, mphunzitsi wa anamwino, munthu waulemu amene pokwera basi anatipatsa moni m'Chichewa chomveka bwino. Koma pakuona mipaniyo nkhope yake inasandulika, natembenukira kwina, naphimba mphuno ndi kansalu. Atalimba mtima anandifunsa chapansipansi ngati amenewo sanali makoswe. Funsolo linamveka, ndipo anthu anafa nacho chiseko, chifukwa kwa ife khoswe wa kudenga ndi wa kuchimbudzi ndi chinthu chonyansa chimene sitichiyang'ana kawiri, pamene mbewa ndi nyama ya kumunda, yodya mtedza, mapira ndi njere za udzu. Koma sanaseke onse. Mkulu wina wa ndevu zoyera, wovala mkanjo ndi chisoti cha Chisilamu, amene anali pa ulendo wa kwawo ku Machinga, anapukusa mutu nati kwa donayo, "Musavutike, amayi, inenso zimenezo sizilowa m'nyumba mwanga." Ndipo pofika pa Liwonde, pamene tinaoloka Shire ndi kuzingidwa ndi ogulitsa nsomba zowamba, mnyamata wina wa mpingo wa Sabata, amene anaseka koposa onse pa nkhani ya makoswe, anakana mlamba kwamtuwagalu chifukwa ulibe mamba. Chotero m'basi imodzi kunyansidwa sikunagawe anthu monga mwa khungu lawo, koma kunaika Mngerezi ndi Myao mbali imodzi, Mchewa ndi Mngoni mbali inayo, ndi wa Sabata payekha.

Kuchoka pa Liwonde msewu umakwera zitunda za Machinga, kenaka phiri la Malosa limatulukira kudzanja lamanja, osakusiyaninso kufikira Zomba. Ku Domasi, kumene a Chalichi cha Scotland anakhazika mishoni m'chaka cha 1884, kunakhalako mzungu wa mtima wina, Brian Morris, amene poyamba anagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, pambuyo pake nakhala katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Iyeyu, m'malo mophimba mphuno, anatsata okumba mbewa kuminda, naphunzira maina a mbewazo ndi a tizilombo tathu todyedwa, nalemba mabuku onga The Power of Animals la 1998 ndi Insects and Human Life la 2004. Ndinamutchula kwa donayo kuti adziwe kuti njira ya kumvetsa inapondedwa kale ndi mnzake, ndipo analemba dzinalo m'kabuku kake.

Zomba anamangidwa mosanjikiza, ndipo woyenda pansi amaidziwa mbiri yake pokwera. Kumunsi kuli depoti, mzikiti ndi msika, kumene matemba a ku Chilwa, mpunga, ngumbi zouma ndi ndiwo zamasamba zimaunjikidwa m'milu. Kumtunda, m'mithunzi ya mitengo ikuluikulu, kuli bwalo la Gymkhana, nyumba imene aphungu ankakumanamo kufikira 1994, ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndi nyumba yakale ya nsanja ziwiri imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain, imene Harry Johnston anakhalamo pamene Zomba inakhala likulu la boma mu 1891, ndipo lero ndi hotela ya Masongola. Johnston ameneyo ankaweta nyama zakutchire pabwalo pa nyumbayo, ndipo Alexander Whyte anayala munda wa mitengo ndi maluwa m'mbali mwa Mulunguzi, umene ulipobe. Chikondi cha azungu pa nyama sichinayambe dzulo m'maiko ano. Pakuti Livingstone mwini, mu Januwale 1867, ali wodwala ndi wanjala m'dziko limene lero ndi Zambia, anapeza malo m'buku la ulendo wake olirira kagalu kake Chitane, kamene kanamira pooloka dambo.

Ndinafikira ku Chinamwali kwa nkhalamba ina, bwenzi la malemu atate anga, imene pa unyamata wake inali khukhi m'nyumba za akuluakulu a boma la atsamunda kumtunda kuja. Titadya, nditawasimbira za dona ndi mbewa, anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Mwana wanga, ine ndaphikirapo galu. Tsiku ndi tsiku dona ankandipatsa nyama ya ng'ombe, mafupa ndi mpunga kuti nditereke mu poto wakewake, ndiziziritse, ndipakulire m'mbale yake. Loweruka tinkamusambitsa ndi sopo, usiku ankagona pabulangete pafupi ndi moto. Ife kuseri kwa nyumba tinkalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere, nyama mwa apo ndi apo. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Koma ameneyo anali mfumu ya ifenso. Atafa, bwana anatikumbitsa manda kuseri kwa maluwa, ndipo dona analira maso mpaka kutupa. Sindikuwanyoza ayi, pakuti dona yemweyo ndiye analipira fizi ya mwana wanga woyamba. Mtima anali nawo. Kungoti kwa galu unkathamanga, kwa munthu unkayenda pang'onopang'ono."

Ndinawafunsa ngati pa moyo wawo wonse anamvapo za munthu wa kwathu kuno wodya galu mwadala, ndipo analavula malovu pansi. "Galu sadyedwa," anatero. "Galu ndi mlenje, galu ndi mlonda. Pa uzimba, nyama ikagwa, amalandira matumbo, ndilo gawo lake. Kodi munthu angadye amene amagawana naye nyama?" Anakumbukiranso, mawu atatsika, kuti boma lomwelo la okonda agalu ndilo linaletsa uzimba wa agalu ndi maukonde, pamene mabwana ankasaka ndi mfuti ali ndi chikalata m'thumba, ndiponso kuti chiwewe chikabuka, lamulo linkatuluka lakuti agalu onse amangidwe, ndipo wopezeka akuyendayenda m'mudzi ankaomberedwa pomwepo, mwini wake ali chapenya.

M'mawa mwake ndinadzera kumsika, kumalo ogulitsira nyama, kumene mbuzi zosendedwa zinapachikidwa kanyenyezi ka ubweya katasiyidwa kumchira, mitu ndi ziboda zili poonekera patebulo. Mnyamata wa pachiwaya, amene ankatembenuza nthumbwana m'mafuta, anandiuza kuti zimenezo sasiyira kukongoletsa, koma kuti wogula akhazikike mtima. Pakuti nyuzipepala ndi wailesi zimalengeza nthawi ndi nthawi za anthu ogwidwa akugulitsa nyama ya galu m'malo omwera mowa, atainamizira kuti ndi mbuzi, ndipo anthu otere apolisi akachedwa, khamu limawaweruza lokha. Anawonjeza, akutsinzinira diso, kuti kumene kwamangidwa msasa wa Matchaina omanga msewu, agalu a m'midzi yozungulira amatha. Mphekesera imeneyi yakhala ikuyenda chiyambire 2008, pamene ubale wa dziko lino ndi China unalengezedwa ndipo akatswiri a kumeneko anayamba kudza ambiri, namanga Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga kupita ku Chitipa. Ndinamufunsa ngati anaonapo ndi maso ake. Anati anamva kwa achimwene ake, amene anamva kwa kondakitala wa minibasi. Ndinazindikira pamenepo kuti ife amene timapsa mtima mzungu akatitcha odya makoswe, sitichedwa kutcha mtundu wathunthu wa anthu odya agalu, popanda mboni. Ndiponso kuti ngati galu wabedwadi m'mudzi kukagulitsidwa, wakubayo sachokera kutsidya kwa nyanja, koma ndi mwana wa m'mudzi momwemo.

Kukwera phiri kuli njira ziwiri: msewu wa tala wokhotakhota, ndi kanjira ka miyendo kamene azungu anakatcha Potato Path, popeza ndimo alimi a pamwamba ankatsitsira kachewere kumsika. Ndinasankha kanjirako, motsogozedwa ndi mnyamata wa m'mudzi wa patsinde amene amadyera kuperekeza alendo. Ndipo pambuyo pathu, osaitanidwa, panadza galu wake, dzina lake Akanene, galu wachikuda weniweni, wofiirira, woonda m'chiuno, wa makutu oimirira ndi mchira wopindikira kumsana, ali ndi banga la penti pamphumi. Tinapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu, ndi abambo okankha njinga zosanjikidwa zipika mpaka kupitirira mutu. Malo ambiri amene kale kunali mdima wa nkhalango tinapeza zitsa zokhazokha zopserera, ndipo mnyamatayo, poloza zigwembe za m'phirimo, ananena za Napolo amene anatsika mu Disembala 1946 nakokolola milatho ndi anthu m'tauni, nati akuluakulu akuopa kuti phiri likavulidwa chotere adzatsikanso. Pafupi ndi Ku Chawe, pa mamita ngati 1,500, ana anatizinga ndi timbale ta sitiroberi, magalagadeya ndi mabulosi achikasu. Pamwambapo pafupifupi chilichonse n'chachilendo: mitengo ya paini inachokera ku Mexico, mabulosi achikasuwo kumapiri a Himalaya, ndi nsomba za trout za m'madzi ozizira a Mulunguzi zinadza ndi azungu ofuna kuwedza monga ankawedzera kwawo.

Usikuwo nkhungu inatsika, ndipo alendo tonse a m'nyumba imene ndinagonamo tinasonkhana pamoto. Nkhani inabuka chifukwa cha Akanene, amene anagona pakhomo ataika chibwano pa miyendo yakutsogolo, maso ali pa mbale zathu. Dona wa m'basi uja, amene ndinamupezanso kumeneko atadza kudzapumula, anadula nthuli ya nyama namuponyera. Ndipo potembenukira kwa mnyamata wa ku South Korea, wophunzitsa za kompyuta pa sukulu ina m'tauni, anafunsa, mawu ali ofatsa koma nkhope itauma, ngati n'zoona kuti kwawo cholengedwa chotere chimalowa mumphika. Galu, anatero iye, sali pamodzi ndi mbuzi kapena nkhuku, pakuti ndiye chiweto choyamba chimene chinadza kwa munthu, munthuyo asanadziwe ndi kulima komwe. Amadziwa dzina lake, amazindikira nkhope ya mbuye wake, amatsogolera akhungu, amafukula okwiririka m'nyumba zogumuka. Ndipo kupha cholengedwa chimene chimadza chikugwedeza mchira kwa iye wogwira mpeni ndiko kupereka bwenzi. Anatchula za mzinda wa Yulin ku China, kumene m'mwezi wa Juni chaka ndi chaka agalu amafika pa malole atapanikizidwa m'zikwere za waya, opanda madzi, ambiri mwa iwo obedwa m'makomo mwa eni.

Mnyamatayo sanapse mtima, pakuti funsolo analimva kambirimbiri. Anati iye mwini sanailawepo, ndi anzake ambiri a msinkhu wake chimodzimodzi, ndipo kuti amayi ake ali ndi kagalu kamene amagona nako m'chipinda. Koma agogo ake, amene anakula m'njala ya nkhondo ya 1950 mpaka 1953, pamene ng'ombe inali yolimira ndipo nyama inali yosowa, ankamwa msuzi wa galu m'masiku otentha kwambiri a chaka kuti apeze mphamvu, ndipo sanali munthu wankhanza. Anatiuza kuti mu Januwale 2024 Nyumba ya Malamulo ya kwawo inavomereza, ndi mavoti 208 popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe, lamulo loletsa kuweta, kupha ndi kugulitsa agalu kuti adyedwe, ndipo kuti kuyambira 2027 wopha galu chifukwa cha nyama angakhale m'ndende kufikira zaka zitatu. "Koma dziwani ichi, mayi," anatero. "Pamene maiko akunja anatikalipira pokonzekera masewera a Olympics a ku Seoul mu 1988, malo odyerawo anangosamukira m'tinjira ta kuseri. Pamene Brigitte Bardot wa ku France anatidzudzula mwaukali pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2002, ena amene sankaifuna n'komwe anayamba kuiteteza chifukwa cha ulemu wa dziko lawo. Chimene chasintha kwathu si kukalipa kwa alendo, koma ana amene akula ndi agalu m'nyumba."

Panalinso mzungu wokalamba wa ku Scotland, amene anathera zaka zambiri m'dziko muno pa ntchito ya nkhalango, ndipo kufikira pamenepo anangokhala akusonkheza moto. Iyeyu anakumbutsa donayo kuti James Cook ndi anzake, ali ku Tahiti mu 1769, anadya galu wootcha namuyamikira kuti sasiyana kwenikweni ndi mwana wa nkhosa wa ku England; kuti anthu a ku Paris, mzinda wawo utazingidwa ndi ankhondo a Prussia mu 1870 ndi 1871, anagula nyama ya agalu, amphaka ndi makoswe m'misika; kuti Roald Amundsen, amene anafika ku South Pole pa 14 Disembala 1911, ananyamuka ndi agalu 52 atawerengeratu kuti ena adzadyedwa panjira, nabwerera ndi 11 okha. Anawonjeza kuti chifundo cha Angerezi pa nyama chili ndi tsiku lake lobadwa, pakuti bungwe lawo loteteza ziweto ku nkhanza linayamba mu 1824, ndipo masewera olumitsa ng'ombe zamphongo kwa agalu analetsedwa mu 1835; kuti Mfalansa amadya kavalo, achule ndi nkhono, pamene Mngerezi anachita mseru mu 2013 atamva kuti m'nyama ya m'masitolo ake munasakanizidwa ya kavalo; ndiponso kuti nkhumba, imene iwo onse anadya m'mawa mwa tsikulo, siperewera nzeru poiyerekeza ndi galu, koma nthawi zina imasungidwa m'khola lopanikiza momwe singathe ndi kutembenuka komwe.

Donayo sanagonje, ndipo yankho lake linali lolemera. Anati njala ndi njala, malonda ndi malonda. Kuti munthu wozingidwa ndi nkhondo kapena chisanu saweruzidwa pamodzi ndi munthu wobera mwana galu wake kuti apeze phindu. Ndipo kuti kuipa kwa khola la nkhumba sikuyeretsa chikwere cha agalu, koma kumangochulukitsa milandu yofunika kuzengedwa. Ali chilankhulire, chitseko chinatseguka, nalowa mlonda wa panyumbapo atasenza nkhuni, atavala jekete long'ambika m'zigongono, naziika pansi, nawomba m'manja mwaulemu, nabwerera kunja kunkhungu. Ndipo palibe anamufunsa ngati wadya. Ndinakumbukira mawu a nkhalamba ya ku Chinamwali, ndi kuti thumba limodzi la chakudya cha agalu chochokera ku South Africa, chogulitsidwa m'masitolo a ku Blantyre, lingathe kumeza gawo lalikulu la malipiro a mlonda a mwezi wathunthu.

Pomalizira anatembenukira kwa ine kuti ndinene za eni dziko. Ndinawauza kuti ife galu sitidya, ndipo wodya galu timamuyesa wamisala kapena wokhwima. Koma kuti pamenepa palibe chodzitamandira nacho, pakuti galu yemweyo amene timamukaniza mumphika timamukanizanso m'mbale. Amakhalira nkhoko ndi madzi otsukira miphika, nkhupakupa zili m'makutu, mphere ili pamsana; ana amamugenda popanda wowaletsa; tiana ta agalu timagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'mizinda titanyamulidwa padzuwa tsiku lonse; ndipo munthu akafuna kutukwana mnzake kotheratu amamutcha galu. Wa ku Korea wakale ankadya galu atamudyetsa, ife sitimudya koma timamugoneka ndi njala, Mngerezi amamuveka bulangete naiwala mlonda ali pakhomo. Anyani sasekana zikundu.

Kutacha, nkhungu itayera, mnyamata woperekeza alendo uja anatitsogolera kudzera kudamu la Mulunguzi, limene limamwetsa tauni yonse, ndi kumathithi a Williams, kufikira kumphepete kwa phiri, kumalo awiri otchuka: Queen's View, potchedwa chotero chifukwa cha amake a Mfumukazi Elizabeth amene anaimapo mu 1957, ndi Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, mfumu ya Akhristu amene salawa nkhumba. Pansi pathu panayalidwa tauni yonse, mtsinje wa Likangala ukukhotakhota kulinga ku Chilwa, ndi Mulanje ali buu kutali kummwera. Pamenepo donayo anafunsa mnyamatayo maganizo ake pa mkangano wa usiku, umene anaumva ali pakhonde. Anayankha mwachidule: "Madamu, Akanene ndikamudya, anyani akadza m'munda adzandithamangitsira ndani?" Ndipo pofunsidwa za penti ya pamphumi pa galuyo, anati ndicho chizindikiro chakuti wabayidwa katemera wa chiwewe, ndi kuti m'mudzi mwawo galu wopanda katemera amaopedwa koposa fisi, chifukwa anaonapo mwana akufa nayo nthendayo, akuopa madzi ndi kutuluka thovu.

Apa mpamene mlendo ndi mwini mudzi anakumana popanda kukangana. Bungwe la zaumoyo la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Limatinso agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, nthendayo imaduka mphamvu m'deralo. Bungwe la Mission Rabies la ku Britain, pogwirizana ndi a boma oona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha mu 2015, ndipo chaka chotsatira ntchitoyo inafika ku Zomba ndi Chiradzulu. Indedi mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo chikondi cha azungu pa galu, chimene chimatiseketsa chikamagula bulangete, chapulumutsa ana athu pamene chinagula jekeseni. Nthenda yomweyo ndiyo chifukwa china chokanira malonda a nyama ya galu, pakuti wogwira, wonyamula ndi wosenda galu wosadziwika kumene wachokera amaika moyo wake ndi wa anzake pachiswe.

Potsika phiri ndinalingalira za Malembo, amene mbali zonse zimakonda kuwaitana kuti akhale mboni. Buku la Levitiko limaika nyama zoyenda ndi zikhatho pakati pa zodetsedwa, ndipo galu ali momwemo. Koma mutu womwewo umatchulanso mbewa ndi nkhumba, ndi nsomba zopanda mamba, pamene dzombe, limene dona sangaliyandikire, umaliloleza, ndipo Yohane Mbatizi anakhalira lomwelo m'chipululu. Petro ali ku Yopa anaonetsedwa chinsalu chodzala ndi nyama zimene mtima wake unkanyansidwa nazo, ndipo phunziro lake silinali la mphika, koma la anthu a mitundu ina amene ankawayesa onyansa. Paulo analangiza Aroma kuti wakudya ndi wosadya asapeputsane. Koma buku la Miyambo limayesa chilungamo cha munthu ndi m'mene asamalira moyo wa chiweto chake. Tsono chimene munthu amanyansidwa nacho anachiphunzira pa mafuwa a amake, ndipo n'choyenera kuchilemekeza, koma sichikwanira kukhala muyeso woweruzira mitundu ya anthu. Muyeso woona ndi wa nkhanza, wa kuba, wa chinyengo ndi wa matenda, ndipo umenewo umagwira wa ku Yulin, wa ku London ndi wa ku Chinamwali mofanana.

Ine galu sindidzadya, ndipo wogulitsa nyama yake ataitcha mbuzi ayenera kulangidwa monga wakuba ndi wonyenga. Koma sindidzatcha agogo a mnyamata uja wa ku Korea munthu wakutchire, monganso sindilola kuti amayi anga atchedwe chotero chifukwa cha mpani wa mbewa. Kwa alendo okhala pakati pathu ndinena kuti chifundo chanu pa agalu tachiona ndipo tapindula nacho. Chifikitseninso kwa mlonda ndi khukhi, ndipo musanadzudzule mbale ya mwini mudzi, yambani mwakhala pamphasa pake ndi kufunsa. Kwa a kwathu ndinena kuti galu amene amakulonderani usiku mumpakulire nsima yakeyake, muletse ana kumugenda, ndipo a katemera akafika m'dera lanu, kaya pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse, kaya tsiku lina lililonse, mumumange chingwe ndi kupita naye kukabayitsa.